KODI MUNTHU ANGAKHALE DOKOTALA WA ZISUDZO?

Ambirife tikamva mawu oti dokotala timaganiza za munthu wa kuchipatala, jakisoni ali m'manja. Koma ku Chirunga, m'munsi mwa phiri la Zomba, kuli madokotala amene sanabayepo munthu jakisoni. Ena ndi a masamu, ena a mbiri yakale, ndipo ena udokotala wawo anaupeza pa zisudzo, magule ndi nyimbo. Kholo likamva zimenezi limafunsa kuti, "Kodi ndigulitse mbuzi zanga kuti mwana akaphunzire kuseketsa anthu?" Funsoli ndi lomveka ndithu. Tsono tiyeni tione chimene munthu amachita kuti afike potchedwa dokotala wa zisudzo.

Ulendo wake ndi wautali. Munthu akakhoza bwino mayeso a Fomu 4 ndi kusankhidwa, amaphunzira zaka 4 kuti alandire digiri yoyamba. Kwathu kuno ambiri a zisudzo anayambira ku Chirunga komweko, kumene sukulu ya ukachenjede ya Chancellor College inasamukira mu 1973. Kuyambira mu 2021 sukuluyi imatchedwa University of Malawi. Akatha digiri yoyamba amachita ya Masters, chaka chimodzi kapena ziwiri. Pamwamba pa zonse pali digiri ya PhD, imene imatenga zaka 3 kapena kuposerapo. Imeneyi ndiyo imapatsa munthu dzina loti dokotala. Mukawonkhetsa, ndi zaka 8 mpaka 10 chichokereni ku sekondale.

Digiri ya PhD sapereka chifukwa choti munthu amatha kuvina kapena kuseketsa anthu, ayi. Wophunzira ayenera kubwera ndi funso limene palibe analiyankhapo bwino. Mwachitsanzo: kodi n'chifukwa chiyani anthu amene sangadzudzule mfumu pamaso amatha kuidzudzula m'nyimbo, mfumuyo osakwiya? Funso likavomerezedwa, amapatsidwa mphunzitsi womuyang'anira, nayamba kuwerenga zonse zimene ena analemba kale pa nkhaniyo. Kenaka amapita kumene kuli eni ake a gule. Amapempha chilolezo kwa a mfumu, amakhala m'mudzimo miyezi ingapo, kuonerera, kufunsa, kujambula ndi kulemba. Zimene wapeza amazilemba m'buku la masamba oposa 200. Pomaliza amakhala pamaso pa akadaulo, wina wochokera ku yunivesite ina, amene amamupanikiza ndi mafunso maola angapo. Akakhutira kuti bukulo laonjezera china chatsopano pa zimene anthu amadziwa, ndiye kuti wapambana. Akapanda kukhutira amamubweza kuti akakonze.

Phunziroli pa Chingerezi amati Performance Studies, ndipo silionera zisudzo za papulatifomu zokha. Dzinali linakhazikika ku New York University mu 1980. Mmodzi mwa amene analiyambitsa, Richard Schechner, ankagwirizana kwambiri ndi Victor Turner, amene m'zaka za m'ma 1950 anakhala pakati pa Andembu a ku Mwinilunga, m'dziko la Zambia, kuphunzira miyambo yawo. Awiriwa anaona kuti chinamwali, maliro, ngakhale mlandu wa pabwalo la mfumu, zonsezi zili ndi ochita, oonerera, zovala ndi ndondomeko yake, ndipo zimasintha moyo wa anthu. Mwana amalowa kutsimba ali mwana, natuluka ali wamkulu.

Nanga Amalawi alipo amene anayenda ulendowu? Alipo. A Christopher Kamlongera analandira udokotala wawo ku University of Leeds, ku Mangalande, mu 1984, atafufuza za ubale wa zisudzo ndi moyo wa anthu m'Malawi. Iwowa, pamodzi ndi a David Kerr, ankatsogolera gulu la ophunzira la Chancellor College Travelling Theatre. Poyamba gululi linkachita zisudzo za Chingerezi m'masukulu a sekondale. Mu 1981 linapita ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, kukachita zisudzo zonena za mavuto a anthu akumudzi. Patapita zaka zochepa linayamba kugwira ntchito ndi a zaumoyo m'midzi yozungulira Liwonde. Kumeneko ophunzira ankayamba afunsa anthu za mavuto awo, monga zitsime zauve ndi matenda otsekula m'mimba, kenaka n'kupanga sewero m'Chichewa. Sewero likafika pothina, wochita ankatembenukira kwa anthu n'kufunsa kuti, "Nanga apa titani?" Anthu ankayankha, kutsutsana, mpaka kugwirizana chochita. Zimene mlangizi akanalankhula anthu akuwodzera, sewero linkachititsa eni mudzi kuzinena okha.

A Enoch Timpunza Mvula anatenga udokotala wawo ku Indiana University, ku America, mu 1987, pa nyimbo ndi ndakatulo za amayi. Nyimbo za pamtondo ambiri timaziyesa zongochotsera kutopa, koma iwo anasonyeza kuti mayi amene sangayankhe mwamuna wake kapena apongozi ake pamaso amatula dandaulo lake akusinja, mudzi wonse ukumva. Nawonso a Zindaba Chisiza anamaliza udokotala wawo ku Leeds mu 2017. Iwowa anagwiritsa ntchito zisudzo pothandiza anyamata a m'Malawi kukambirana za maganizo oti mwamuna weniweni ndi wa zibwenzi zambiri, amene amafalitsa kachilombo ka HIV.

Onani kuti atatu onsewa digiri anakatenga kunja, koma nkhani anazitola kwathu konkuno. Chuma chili ndi ife. Mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu ndi Vimbuza kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Komabe agogo amene amadziwa tanthauzo la nyimbo ndi mavinidwe ake akutha mmodzimmodzi, ndipo aliyense akamwalira zimene ankadziwa zimapita naye kumanda. Tikapanda kukhala ndi anthu athu ophunzira ozilemba, tidzaziwerenga m'mabuku a alendo okhaokha, kapena sitidzaziwerenga konse.

Zoona, njirayi ili ndi zovuta zake. Ndalama zake n'zambiri, kotero kuti ambiri amadalira thandizo la mabungwe, ndipo zaka zake n'zotopetsa. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma womaliza sakhala manja lende. Amaphunzitsa ku yunivesite, amalemba mabuku, amathandiza a wailesi ndi a zaumoyo kufikitsa uthenga kwa anthu.

Choncho makolo, mukamva kuti mwana wanu ali m'kalabu ya zisudzo, musafulumire kunena kuti akutaya nthawi. Mufunseni chimene sewerolo likuphunzitsa. Ndipo ife anzanga, tilimbikire Chingerezi ndi Chichewa chomwe, pakuti kafukufuku amafuna zonse ziwiri. Tikapita kutchuthi tikakhale pansi ndi agogo, kope ndi cholembera zili m'manja, tiwafunse kuti nyimbo imene amaimba posinja ija ikunena yani.