KUFUNSA KWA MULUNGU M'NYENGO YA MLIRI

Inu a ku Kawale ndi ku Biwi, a ku Chinsapo ndi ku Mgona, a ku Area 23 ndi ku Area 25, pali funso limene Mkristu ali yense ayenera kuliyankha tsoka lisanafike pakhomo pache, pakuti likafika nthawi yakusinkhasinkha palibenso. Funsolo ndi ili: kodi munthu adziwa bwanji kuti mau amene wamva ndiwo chifuniro cha Mulungu? Masiku ano achuluka onena kuti Mulungu walankhula nao m'maloto, kapena paphiri, kapena pakamwa pa mneneri. Ife sitikana kuti Mulungu atsogolera ana ache. Koma tiyenera kuzindikira njira imene Iye atsogolera nayo, chifukwa munthu akasokera pa mlandu uwu, mtengo wache ukhoza kukhala moyo wa mwana.

Mukumbukira mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga m'mwezi wa Marichi 2022, madzi osefukira a namondwe wa Ana atapasula zimbudzi ndi zitsime zambiri. Nthendayo inayenda kufikira inalowa m'maboma onse a dziko lino. Pa 5 Disembala 2022 Boma linalengeza kuti dziko lili pangozi ya mliri. Ndipo m'Januwale 2023 ana a sukulu a m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre anakhala pakhomo masabata awiri osapita kukaphunzira. Pa 13 Febuluwale 2023 Dr. Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko nthawi imeneyo, anadza ku Mgona kudzayambitsa nchito yotchedwa Tithetse Kolera, popeza mudziwo unali umodzi wa malo osautsidwa kwambiri. Odwala onse anaposa 58,000, ndi akufa anaposa 1,700. Mliri wa kolera waukulu wotere dziko lathu linali lisanauonepo.

M'masiku amenewo anchito a chipatala anadandaula poyera kuti odwala ena anafika mochedwa, ndi ena sanafike konse, chifukwa anaphunzitsidwa kuti kulandira mankhwala ndiko kuchepa kwa chikhulupiriro. Tisawanyoze anthu otere. Iwo sanali opeputsa Mulungu ai. Anali kumuopa, nayesa kuti alikumvera. Chifukwa chache mlandu wao utikhudza ife tonse, pakuti utionetsa kuti munthu akhoza kukhala ndi mtima wofuna kumvera, koma namvera mau amene Mulungu sananene.

Tiyambe tamvetsa nthendayo. Kolera idza ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, totuluka m'chimbudzi cha wodwala. Tikalowa m'madzi akumwa kapena m'chakudya, tilowanso m'mimba mwa munthu wina. Ichi chinadziwika kale: mu 1854 sing'anga wa ku London, dzina lache John Snow, analondola imfa za m'dera lina kufikira anapeza kuti ambiri a akufawo anali kutunga pa mjigo umodzi wa mu Broad Street. M'midzi yathu ya m'tauni, m'mene nyumba zithinana, chimbudzi ndi chitsime zikhala moyandikana, ndipo mvula ikagwa yambiri madzi a uku asanganikirana ndi a uko. Wodwala atsegula m'mimba ndi kusanza kufikira madzi a m'thupi atha, ndipo akhoza kufa tsiku lomwelo. Koma akabwezeredwa madziwo msanga, mwa odwala 100 wakufa sakwana ndi mmodzi yemwe. Ndiye kuti ambiri amene tinawaika m'manda akadakhala ndi moyo.

Choyamba tsono, wofuna chitsogozo cha Mulungu ayambe ndi zimene Mulungu ananena kale. Ambiri a ife tifuna mau atsopano pamene akale sitinawasunge. Tsegulani buku la Deuteronomo, mutu 23, ndime 12 kufikira 14. Pamenepo Aisrayeli analamulidwa kupatula malo kunja kwa misasa yao kopitako akafuna kudzithandiza, ndi kuti munthu ali yense akhale ndi chokumbira, akumbe, nakwirire zonyansa zache. Ndipo chifukwa chimene chinaperekedwa sichinali cha sing'anga, koma chakuti Yehova mwini anali kuyendayenda pakati pa misasayo, ndipo sikuyenera kuti aonemo chonyansa. Taonani, Mulungu wamkulu amene analankhula pa Sinai ndi mabingu sanachite manyazi kulamulira za chimbudzi. Kodi ife tidzayesa chaching'ono chimene Iye anachilemba m'chilamulo chache?

Mau awa akhudza mwini poloti amene alandira ndalama za lendi kwa mabanja khumi, koma chimbudzi chao nchimodzi, chodzala, chopanda chivundikiro. Munthuyo angakhale aimbe ndi mau okweza tsiku la Sabata, angakhale atsogole pa chopereka, lamulo lili pakhomo pache losasungidwa. Akhudza amai ogulitsa mandasi ndi zitumbuwa pamseu, amene manja ao agwira ndalama ndi chakudya pamodzi. Akhudzanso mipingo imene isonkhanitsa anthu mazana pamalo opanda madzi osamba m'manja. Kuopa Mulungu sikutha pa khomo la tchalitchi. Kufika ndi kuseri kwa nyumba komwe.

Chachiwiri, mau atsopano sapasula mau amene Mulungu ananena kale. M'buku loyamba la Mafumu, mutu 13, muli mbiri yoopsa ya munthu wa Mulungu wochokera ku Yuda, amene anatumidwa ku Beteli kukadzudzula guwa la nsembe la mfumu Yerobiamu. Iye analamulidwa kuti asadye kapena kumwa kumeneko, ndi kuti asabwerere njira imene anadzera. Mfumu itamuitana kunyumba, nimlonjeza mphatso, iye anakana. Koma panali mneneri wina wokalamba amene anamtsata, namuuza kuti mngelo wamlamulira kuti ambweze akadye. Linali bodza. Munthu wa Mulungu uja anabwerera, nadya, ndipo pa ulendo wache mkango unampha. Chimene mfumu inalephera ndi chuma chache, mneneri anachitha ndi dzina la mngelo. Munthu amene sagwa ndi ndalama akhoza kugwa ndi mau okhala ngati oyera.

Potero mau ali onse otuluka m'loto kapena m'kamwa mwa mneneri ayesedwe ndi lamulo lolembedwa. Mulungu analetsa kupha. Ndipo mpingo unaphunzitsa kuyambira kale kuti lamulo ili silinena za mkondo ndi mpeni zokha. Katekisma wa Heidelberg, wolembedwa mu 1563, alongosola kuti liletsanso munthu kudzipweteka yekha, kapena kudziika dala pangozi, ndi kuti litilamulira kutchinjiriza mnzathu ku choipa monga momwe tingathe. Tsono munthu akadza nati Mzimu wamuuza kuti mwana wakutsegula m'mimba asapite ku chipatala, mau amenewo atsutsana ndi lamulo la Mulungu, ndipo Mulungu sadzitsutsa mwini. Usafunse kuti wonenayo ali ndi anthu angati omtsata, kapena apemphera ndi mphamvu yotani. Mneneri wa ku Beteli nayenso anali mkulu wolemekezeka.

Chachitatu, tisiyanitse kukhulupirira Mulungu ndi kumuyesa. M'buku la Mateyu, mutu 4, Satana anaika Ambuye wathu pamwamba penipeni pa Kachisi, namuuza kuti adziponye pansi popeza angelo adzamchirikiza. Ndipo woipayo anatchula ngakhale Malembo. Koma Yesu anakana, pakuti kudziponya pangozi pamene njira yotsikira ilipo ndiko kuyesa Mulungu. Wokana madzi opulumutsa moyo, chipatala chili pafupi, achita chimene Ambuye anakana kuchita. Mulungu achiritsa monga afuna, ndipo kawirikawiri achita ndi zinthu wamba. Hezekiya anapemphera ndi misozi, namvedwa, naonjezeredwa zaka 15. Koma Yesaya yemweyo amene anadza ndi lonjezo analamuliranso kuti aike nkhuyu pa chotupa chache. Namani wakhate anayembekeza chozizwa chachikulu, nakwiya pouzidwa kuti akasambe m'Yordano kasanu ndi kawiri. Anyamata ache ndiwo anamchenjeza kuti asanyoze lamulo chifukwa nlapafupi. Ndipo Paulo, amene Mulungu anachiritsa anthu ndi manja ache, anayenda ndi Luka sing'anga, namkonda.

Amene anatitengera Uthenga Wabwino kuno pakati pa dziko anamva chomwecho. Pa 28 Novembala 1889 A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anamanga msasa m'dziko la mfumu Chiwere, pa malo otchedwa Mvera, dzina limene lili ngati ulaliki pa lokha. Mu 1896 nchito inafika ku Nkhoma, m'dziko la mfumu Mazengera, ndipo mu 1915 chipatala cha Nkhoma chinayamba, chimene chilikuthangata odwala kufikira lero. A mpingo wa Katolika nao anamanga chipatala pa Likuni, pafupi ndi inu a ku Chinsapo. Anthu aja anali opemphera ndithu, osiya kwao chifukwa cha kuitana kwa Mulungu. Koma sanaone mkangano pakati pa guwa ndi nyumba ya odwala. Anaziyesa manja awiri a kumvera kumodzi.

Nanga tsono tifunse bwanji kwa Mulungu? Tipemphere ndi mtima wokonzeka kuchita chimene Iye adzationetsa, chingakhale chotichepetsa. Tiwerenge Malembo onse, osati ndime imodzi yotikomera, pokumbukira kuti Satana nayenso adziwa kutola ndime. Tifunse akulu a mpingo ndi abale okhwima, ku mlaga kapena ku mphakati, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo chitsogozo chimene chiopa kuunikidwa ndi abale nchokayikitsa. Tiyang'ane zipatso: mau ochokera kwa Mulungu abala chikondi ndi kusunga moyo, koma mau odzetsa mantha, obisa wodwala m'nyumba, ndi olekanitsa munthu ndi abale ache, achokera kwina.

Zilipo zinthu zofunika kudikira pamaso pa Mulungu masiku ambiri, monga ukwati, nchito, kapena ulendo wa kutali. Koma zilipo zina zimene yankho lache linaperekedwa kale, ndipo kudikira pa izo ndiko kusamvera. Munthu akayamba kutsegula m'mimba madzi okhaokha, mpatseni Thanzi ORS pomwepo. Ngati palibe, sungunulani masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi owiritsa, amwe pang'ono pang'ono. Itanani kabaza kapena galimoto, mupite naye ku chipatala chimene chili pafupi, usiku kapena usana. Pempherani pa njira, pempherani pa mzere, pempherani pambali pa bedi; Mulungu akumva konseko. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini. M'manja musambe ndi sopo pochokera ku chimbudzi ndi musanagwire chakudya. Ndipo maliro a kolera akagwa, lolani anchito a zaumoyo asamale mtembo monga adziwa, chinkana mtima uwawa posiya mwambo wathu wosambitsa. Pakuti ulemu wa kwa wakufa usasanduke imfa ya amoyo.

Inu akulu a mpingo, alaliki, ndi amai a Chigwirizano, mlandu wanu ndi waukulu, chifukwa anthu amva inu koposa wailesi. Mvula isanagwe yenderani nyumba za Akristu anu, ndipo pofunsa za moyo wao wauzimu funsaninso kumene atunga madzi. Ndipo kwa iwo amene anataya mwana kapena mbale chifukwa anasokeretsedwa, musapite ndi chiweruzo. Katundu wao ngwolemera kale. Pitani ndi chitonthozo cha Kristu, amene akhululukira, nimuwaphunzitse mofatsa, kuti ana otsalawo akhale ndi moyo.

Mliri uja unapita, koma dzinja lidza chaka ndi chaka, ndipo zitsime ndi zimbudzi za m'midzi yathu zambiri zikali zoyandikana. Yehova amene anayenda pakati pa misasa ya Israyeli ayendanso m'tinjira ta Mgona ndi ta Biwi, naona zonse. Atipatse Iye makutu akuzindikira mau ache pakati pa mau ambiri, ndi mtima wosanyoza lamulo lache chifukwa nlaling'ono. Amen.