Vinyo wa "verde": wochokera m'malire a munda wa chimanga

M'maloja akuluakulu a m'mizinda yathu mumapezeka magarafa olembedwa kuti "Vinho Verde". Ambiri amayesa kuti vinyoyu ndi wobiriwira, kapena kuti anafulidwa ndi mphesa zosapsa. Si choncho ayi. Mawu akuti "verde" pano akunena vinyo wanthete, woyenera kumwedwa akadali watsopano. Wosadziwa zimenezi angathe kutaya meticais ake pachabe.

Vinyoyu kwawo ndi ku Minho, kumpoto chakumadzulo kwa Portugal, dera la mvula yambiri ndi minda ing'onoing'ono ya mabanja. Chimanga chitafika kumeneko m'zaka za m'ma 1500, alimi anachipatsa malo a pakati pa munda, pakuti chakudya ndicho chinali patsogolo. Mipesa anaikankhira m'malire, naikweza m'mitengo ndi pa mathandala aatali, kuti pansi pake pamere ndiwo zamasamba. Nthawi yokolola ikakwana, mu Setembro, banja lonse linkagwira makwerero kukathyola mphesa. Mlimi wa ku Angónia, amene amabzala nyemba ndi maungu m'munda umodzi ndi chimanga, nzeru imeneyi saidabwa.

Chifukwa cha mvula ndi mphepo yozizira ya kunyanja, mphesa za ku Minho sizikhala ndi shuga wambiri. Zikafinyidwa, yisiti imadya shugayo ndi kumusandutsa mowa. Shuga akatha, vinyo satsekemeranso, ndipo ameneyu ndiye Apwitikizi amati "seco". Woyera wa tsiku ndi tsiku amakhala ndi mphamvu ya pakati pa 8 ndi 11,5 pa 100, pamene vinyo wofiira wambiri amafika 13 kapena 14. Amawawasa pang'ono ngati ndimu, ndipo amathetheka pa lilime. Kale kuthethekako kunkadza kokha vinyo ali m'garafa. Masiku ano opanga ambiri amachita kuikamo mpweya.

Boma la Portugal linadula malire a dera la vinyoyu mu 1908, ndipo wochokera kwina saloledwa kutchedwa dzinali. Mwa mabanja a m'derali, lodziwika kwambiri ndi la Guedes, eni Quinta da Aveleda ku Penafiel, kufupi ndi Porto. Manoel Pedro Guedes anayamba ntchitoyi mu 1870, ndipo kampaniyo idakali m'manja mwa zidzukulu zake. Mu 1939 banjali linatulutsa Casal Garcia, amene ambiri kuno amamudziwa. Ameneyu ali ndi kashuga pang'ono. Wofuna wosatsekemera ayang'ane dzina la mphesa pa garafa, monga Loureiro kapena Alvarinho, pakuti otere nthawi zambiri amakhala "seco".

Tsono nali vuto lathu. Vinyo wopangidwira kumwa msanga sapirira kutentha, ndipo ku Tete mu Outubro ndi Novembro kutentha kumapitirira madigiri 40. Garafa likakhalitsa pa zenera la loja, vinyo amada ngati tiyi wopanda mkaka, fungo la zipatso limathawa, kuthetheka nakonso kumatha. Pogula, yang'anani chaka ngati chalembedwa, ndipo sankhani chaposachedwa. Kwezani garafa pa kuwala: vinyo wabwino amaoneka wotuwa ngati udzu wouma. Musamusungire ukwati wa chaka chamawa poganiza kuti akoma ndi kukalamba. Muikeni mu jeleira, kapena m'chidebe cha madzi ozizira, azizire mpaka madigiri 8 kapena 10.

Amayenda bwino ndi pende wowotcha wa ku Cahora Bassa, kapenta wokazinga, kapena nkhuku ya piripiri, chifukwa kuwawasa kwake kumatsuka mafuta m'kamwa. Koma kupepuka kwake kusakunyengeni, abale: ndi mowa ndithu. Kopo imodzi pa chakudya yakwana, ana asalawe, ndipo woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto amwe madzi.