Chifukwa chiyani tikupempha zithunzi zenizeni, osati za pa WhatsApp



Teremu ino tayamba kusonkhanitsa zithunzi ndi mapepala akale a sukulu, madrasa ndi mzikiti wathu kuti tizisunge pa kompyuta. Ena mwabweretsa zithunzi za Idi, nikah ndi ziyala, ena makaundula a madrasa olembedwa pamanja m'zilembo za Chiarabu. Tikuthokoza kwambiri. Koma zomwe zabwera kudzera pa WhatsApp tazibweza, ndipo tikudziwa kuti ena mwadandaula. Tiloleni tifotokoze.

Mbiri ya Domasi Mission imadziwika chifukwa amishoni a Church of Scotland, omwe adatsegula malowa mu 1884, ankalemba ndi kusunga zolemba zawo. Zikalata za boma nazo zili ndi nyumba yake, National Archives ku Zomba, yomwe idayamba mu 1947. Koma mbiri ya ife Asilamu a m'chigwa chino, yambiri ili m'masutikesi ndi m'mitima ya agogo athu. Chiswe ndi chinyezi sizisankha pepala, ndipo tonse tikukumbukira zomwe namondwe Freddy adachita m'chigawo cha kummwera mu March 2023. Tsiku lina chomwe tasunga pa kompyuta chikhoza kudzatsala chokha. Nchifukwa chake tiyenera kuchisunga bwino ulendo woyamba womwewo.

Chithunzi pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho totchedwa ma pixel. Tikaika chithunzi cha 10 cm ndi 15 cm pa scanner ndi kutchera 600 dpi, kutanthauza timadontho 600 pa inchi iliyonse, timapeza timadontho pafupifupi 2,400 m'lifupi ndi 3,600 m'litali, tonse pamodzi pafupifupi 8,640,000. Kadontho kalikonse kamasunga manambala atatu: a kufiira, kubiriwira ndi buluu. Fayilo yake imakwana pafupifupi 26 MB. Pofuna kuti fayilo ichepe, mapulogalamu amaifinya. Kufinyako ndiko kumatchedwa compression, ndipo kulipo kwa mitundu iwiri.

Mtundu woyamba uli ngati kupinda nsalu kuti ilowe m'chikwama. Mukaitambasula, yonse ilipo. Umu ndi momwe amagwirira ntchito mafayilo a PNG komanso a TIFF otchera pa LZW kapena ZIP. Mawu ake mu pulogalamu ndi lossless.

Mtundu wachiwiri uli ngati kudula nsaluyo kuti ikwane. Chodulidwacho chapita. Umu ndi momwe imachitira JPEG, yomwe idakhazikitsidwa mu 1992 ndipo mafoni ambiri amaigwiritsa ntchito. Imagawa chithunzi m'timabokosi ta timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, nkutaya tinthu ting'onoting'ono tomwe diso silizindikira msanga. Mukakonza chithunzicho ndi kuchisunganso ngati JPEG, imatayanso tina. WhatsApp nayo imachepetsa ndi kufinya chithunzi chotumizidwa mwa njira ya masiku onse. Pa foni chimaoneka bwino, koma tikachikulitsa, nkhope za ana a mzere wakumbuyo zimangokhala mabala.

Pa mapepala a Chiarabu vutoli ndi lalikulu. Ophunzira athu a madrasa akudziwa kuti baa, taa ndi thaa zimasiyana ndi madontho okha: limodzi pansi, awiri pamwamba, atatu pamwamba. Chimodzimodzinso jiim, haa ndi khaa. Inki ikakhala kuti idafufuluka kale, kufinya kwambiri kumasakaniza madontho aja ndi dothi la papepala, ndipo dzina la munthu m'kaundula silingawerengeke motsimikiza. Palibe batani lomwe lingabweze dontho lotayika.

Tsono polowetsa zithunzi m'nkhokwe yathu, tagwirizana kutchera motere:

1. Fayilo yoyamba, yomwe tikuitcha mayi, ikhale TIFF yosafinya kapena yofinya ndi LZW. Imeneyi sitiikonza ngakhale pang'ono.
2. Zithunzi zing'onozing'ono tizijambula pa 600 dpi, mapepala akuluakulu pa 300 dpi kapena kuposa apo.
3. Tizisankha colour ngakhale chithunzi chikhale chakuda ndi choyera. Black and white ya pa scanner imafufuta zolemba za pensulo ndi inki yofooka.
4. Pulogalamu ikafunsa za resize, optimize kapena reduce file size, tizikana. Pa Google Photos tizisankha Original quality, osati Storage saver.
5. Kuchokera ku fayilo ya mayi tizipanga ina yaing'ono ya JPEG, quality pa 85 kapena 90, yotumizirana ndi kuika m'kalata ino.

Chithunzi chomwe chidajambulidwa ndi foni chimakhala chofinyidwa kale. Kuchisandutsa TIFF sikubweza kanthu, kumangonenepetsa fayilo. Chofunika ndi kusunga fayilo yoyambayo monga idachokera m'foni.

A komiti adafunsa ngati mafayilo aakulu chonchi sadzatidyera ndalama. Zithunzi 1,000 za 26 MB zimatenga 26 GB, ndipo hard drive imodzi ya 1 TB ingasunge zoposa 38,000. Tikupempha ma hard drive awiri, imodzi izikhala kusukulu, ina kumzikiti, kuti moto, madzi kapena wakuba asatilande zonse tsiku limodzi.

Makolo, chonde bweretsani chithunzi kapena pepala lenilenilo ku ofesi ya sukulu. Tidzalijambula inu muli pomwepo ndi kukubwezerani nthawi yomweyo. Musalimate ndi selotepi kapena kulipanga laminate. Ngati muli kutali, ku Lilongwe kapena ku Joni, tumizani pa WhatsApp posankha Document, pakuti njira imeneyi imatumiza fayilo monga iliri. Ophunzira, khalani pansi ndi agogo, muwafunse mayina a anthu ali pachithunzipo, malo ndi chaka, mulembe papepala lapadera, osati kumbuyo kwa chithunzi.

Zinthu zimenezi ndi amana yomwe adatisiyira akuluakulu athu. In shaa Allah, tizipereke kwa adzukulu athu zikuwerengeka.