Ambrogio Spinola: Mwinichuma Amene Adamenya Nkhondo ndi Thumba Lake

Mzinda wa Genoa ku Italy udali wotchuka ndi anthu okongoza ndalama, ndipo mafumu a ku Spain, ngakhale ankalandira siliva wochokera ku America, sankaleka kugogoda pa makomo a anthuwa. M'banja lina lolemera la mumzindamo ndimo mudabadwira Ambrogio Spinola m'chaka cha 1569. Anzake ankakongoza mfumu n'kukhala phee kudikira chiwongoladzanja. Iyeyu adanyamuka n'kulondola ndalama zake kunkhondo.

Masiku amenewo Spain idali kulimbana ndi anthu a ku Netherlands amene adagalukira ulamuliro wake. M'chaka cha 1602 Spinola, munthu wosazolowera fungo la wonga, adalemba asilikali zikwizikwi ndi chuma chakechake, nayenda nawo pamtunda mpaka ku Flanders. Chaka chotsatira mng'ono wake Federico adaphedwa pa nkhondo ya panyanja, koma iye sadabwerere. Adapatsidwa udindo wogonjetsa doko la Ostend, limene asilikali a Spain adalizinga kuyambira 1601 osaphula kanthu. Mu Seputembala 1604 dokolo lidagonja, ngakhale kunena zoona chimene adalanda adali mabwinja ndi manda.

Nanga mlendo pa zankhondoyu adapambana bwanji pamene akatswiri adalephera? Nzeru adali nazo, koma chida chake chachikulu chidali malipiro. Asilikali a Spain ankawukira atsogoleri awo kawirikawiri chifukwa chokhala miyezi yambiri osalandira kanthu, ndipo msilikali wanjala sakumba ngalande. Ndalama za ku Madrid zikachedwa, Spinola ankakongola m'dzina lake n'kulipira anyamata ake. Motero boma la Spain litalephera kubweza ngongole zake mu 1607, chuma cha Spinola chidaphwa. N'zosadabwitsa kuti iye, podziwa mtengo wa nkhondo kuposa nduna zokhala m'nyumba yachifumu, adalimbikira nawo pangano loleka kumenyana kwa zaka 12 limene lidasainidwa mu 1609.

Nkhondo itayambiranso, mbiri yake idafika pachimake pa mzinda wa Breda. Adauzinga kuyambira Ogasiti 1624 mpaka Juni 1625, kudikira kuti njala imugwirire ntchito. Justin wa ku Nassau atagonja, Spinola adalola adani ake kutuluka ndi zida ndi mbendera zawo, osawanyoza. Ulemu umenewu ndiwo Diego Velázquez adaujambula pa chithunzi chotchuka chimene chili ku Prado mu Madrid.

Koma ku Madrid komweko kudali Olivares, nduna yaikulu ya Mfumu Philip IV, munthu wofuna nkhondo ponseponse popanda ndalama zomenyera. Mu 1628 Spinola adapita kukamuuza maso ndi maso kuti asankhepo chimodzi: mtendere kapena malipiro a asilikali. Awiriwa sadamvane. Mu 1629 adatumizidwa kukakhala bwanamkubwa wa Milan ndi kukazinga linga la Casale, pa mkangano wolimbirana ufumu wa Mantua. Ali komweko, Madrid idamulanda mphamvu zokambirana za mtendere, chipongwe chimene chidamusweratu mtima. Adadwala, namwalira pa 25 Seputembala 1630 ku Castelnuovo Scrivia, Casale asadagonje. Mu 1637 anthu a ku Netherlands adautenganso mzinda wa Breda.