Mizinda ya Kutali: Thunder Bay, Pomwe Terry Fox Anaimira

Woyenda pa galimoto kuchokera kum'mawa kwa Canada kupita kumadzulo sangaulambalale mzinda wa Thunder Bay. Msewu waukulu wa Trans-Canada umadutsa pomwepo, m'mphepete mwa nyanja ya Superior, yomwe kukula kwake kumaposa nyanja ya Malawi pafupifupi katatu.

Mzindawu uli m'chigawo cha Ontario ndipo mumakhala anthu pafupifupi 110,000. Unabadwa mu 1970 pamene matauni awiri omwe ankalimbirana malonda, Fort William ndi Port Arthur, anaphatikizidwa. Eni nthaka ndi anthu a mtundu wa Ojibwe, omwe phiri lalitali la tsidya la doko amalitcha Nanabijou. Phirilo limaoneka ngati chimphona chogona chagada. Kudokoko kwandanda nkhokwe zikuluzikulu zakonkire zosungiramo tirigu wobwera pa njanji kuchokera kuminda ya kumadzulo, podikira sitima zapamadzi. Mumzindamu mulinso mbumba yaikulu ya anthu omwe makolo awo anachokera ku Finland.

Koma alendo ambiri amaima kaye pachitunda cha kum'mawa kwa mzindawu, pomwe pali chiboliboli chamkuwa cha mnyamata akuthamanga ndi mwendo umodzi wochita kupanga. Ameneyu ndi Terry Fox.

Fox sanali wa ku Thunder Bay. Anabadwira ku Winnipeg mu 1958 n'kukulira ku Port Coquitlam, kumadzulo kwenikweni. Mu 1977, ali ndi zaka 18, madokotala anampeza ndi khansa ya m'mafupa ndipo anamudula mwendo wakumanja pamwamba pa bondo. Miyezi yomwe ankalandira mankhwala anaona odwala anzake, ena mwa iwo ana aang'ono, akufooka ndi kumwalira. Anamvanso kuti ndalama zofufuzira mankhwala a matendawa zinali zochepa. Choncho anatsimikiza mtima kudutsa dziko lonse la Canada akuthamanga, n'cholinga choti munthu aliyense mwa anthu 24 miliyoni a dzikolo aperekeko dola imodzi.

Ulendowo, wotchedwa Marathon of Hope, unayamba pa 12 Epulo 1980 ku St. John's, pomwe anaviika mwendo wake wochita kupangawo m'nyanja ya Atlantic. Tsiku lililonse ankathamanga makilomita pafupifupi 42, mtunda womwe akatswiri a marathoni akathamanga kamodzi amapuma masiku angapo. Mnzake Doug Alward ankamutsata ndi galimoto yomwe ankagonamo. Poyamba anthu sankalabada, ndipo madalaivala ena ankamukankhira kunja kwa msewu. Pofika ku Ontario zinthu zinali zitasintha: makamu ankamuchingamira m'misewu, ndalama zili m'manja.

Pa 1 Sepitembala 1980, atathamanga masiku 143 ndi makilomita 5,373, chifuwa chinamuthina atatsala pang'ono kulowa mu Thunder Bay. Anapempha kuti amutengere kuchipatala, ndipo kumeneko kunapezeka kuti khansa yafika m'mapapo. Tsiku lotsatira anauza atolankhani kuti akubwerera kwawo kukalandira chithandizo.

Pa nthawiyo anali atasonkhetsa madola a Canada 1.7 miliyoni. Patangotha sabata, wailesi yakanema ya CTV inachititsa pologalamu yopempha thandizo yomwe m'maola asanu okha inatolera madola oposa 10 miliyoni. Pofika Febuluwale 1981, madola 24 miliyoni aja anali atakwana. Fox anaziona zimenezi ndi maso ake asanamwalire pa 28 Juni 1981, ali ndi zaka 22.

Thunder Bay inalandira udindo wosunga mbiri imeneyi. Chiboliboli chija chinakhazikitsidwa mu 1982, ndipo patsinde pake anaikapo miyala yofiirira ya amethyst yomwe imakumbidwa m'deralo. Chigawo cha makilomita 83 cha msewu wa pakati pa mzindawu ndi Nipigon anachitcha Terry Fox Courage Highway.

Mwezi wa Sepitembala uliwonse kuyambira 1981, anthu a mumzindamu, pamodzi ndi anzawo m'mayiko ambiri, amachita nawo Terry Fox Run. Palibe wopambana kapena wolephera. Wina amathamanga, wina amayenda, wina amapalasa njinga, ndipo ana asukulu amakhala ndi tsiku lawolawo. Ndalama zomwe zasonkhetsedwa m'dzina la Fox zadutsa madola 850 miliyoni, ndipo zimapita ku kafukufuku wa khansa, kuphatikizapo ya ana. Masiku ano mwana wopezeka ndi khansa ya m'mafupa m'zipatala za ku Canada kawirikawiri amachitidwa opaleshoni yopulumutsa mwendo, ndipo mwayi wake wochira ndi waukulu kuposa womwe Fox anali nawo mu 1977.