Jakisoni wopanda singano wa azamba a ku Dedza

Chida chimene chimandikopa pa ntchito ya azamba a m'zipatala ndi chapulasitiki, chooneka ngati jakisoni wamkulu wopanda singano. Eni ake amangochitchula kuti MVA. Sichifuna magetsi. Mzamba amatseka pakamwa pake nkukoka mpini kuti mkati mukhale mopanda mpweya, ndipo akalowetsa kapaipi kofewa m'chiberekero ndi kutsegula, zotsalira za mimba yopita padera zimayamwidwa. Timapaipi tilipo tating'ono ndi tokulirapo, malinga ndi masabata a mimba. Kuti ntchito yatha amadziwira m'dzanja: kapaipi kamayamba kukhakhala, chiberekero chimakagwira, ndipo mumatuluka kathovu kofiira. Luso lomva ndi dzanja limenelo munthu amalitenga ataima pambali pa mnzake wamkulu kangapo konse.

Za sikelo, katemera ndi kulemba m'mabuku a odwala aliyense amazidziwa. Chimene anthu saona ndi mayi wofika mbandakucha pa njinga yamoto kuchokera ku Bembeke, ku Lobi kapena ku Mayani, atafunda zitenje ziwiri chifukwa cha chisanu cha mu Juni, magazi akutsika. Mimba ya miyezi iwiri kuno siiululidwa, kuopa anthu a maso oipa, ndiye ngakhale mlamu wom'perekeza sakudziwa chimene chavuta. Funso loyamba la mzamba ndi lomwelo nthawi zonse: "Mayi, munasamba liti komaliza?" Kenako: "Mwamwako chiyani? Nenani, kuno si kupolisi." Malamulo a dziko lino salola kutaya mimba pokhapokha moyo wa mayi uli pachiwopsezo, choncho ambiri amayankha ndi kugwetsa nkhope. Mzamba wabwino saumiriza. Amayang'ana kutentha kwa thupi, fungo ndi kuthamanga kwa magazi, nkuyamba ntchito.

Mukacheza nawo azamba, nkhani imathera ku ndowa. Chida chikatuluka chimalowa m'madzi a klorini kwa mphindi 10, chimatsukidwa ndi sopo mpaka m'timabowo, kenako chimaphikidwa kapena kunyikidwa m'mankhwala opha tizilombo. Nsonga ya kapaipi isakhudze kanthu, ngakhale golovesi, isanalowe. Wina amadandaula za kampira ka mkati kakatha mphamvu, poti chida chonse chimangopuma mpweya. Wina amati ophunzira ochokera ku Nkhoma amabwera akuchidziwa bwino, koma akachipeza chothyoka amazolowera kutumiza mayi ku fiyeta kuti akapalidwe ndi chitsulo. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Bungwe la WHO lidalangiza kale kuti kupala ndi chitsulo kusiyidwe, m'malo mwake pakhale MVA kapena mapiritsi a misoprostol. Chitsulo chimafuna kugoneka munthu tulo, chimatha kuboola chiberekero, ndipo chikapala mopitirira chimasiya zipsera zimene zimamata khoma ndi khoma.

Kafukufuku wa College of Medicine ndi Guttmacher Institute adapeza kuti mu 2015 mimba pafupifupi 141,000 zidatayidwa m'Malawi muno, ndipo ambiri mwa amayiwo adafunika chithandizo pambuyo pake. Mafinya akakwera kuchokera m'chiberekero amatseka machubu amene dzira limadutsamo. Mayi amachira, amabwerera kumunda wake wa mbatatesi, koma patapita zaka zitatu apongozi ayamba kufunsa, ndipo dzina loti chumba limam'mamatira. Mwamuna sayezedwa kawirikawiri, ngakhale kuyeza umuna n'kosavuta kuposa kuyeza mkazi. Kale banja likam'dziwa kuti ndi gojo, akuluakulu ankabweretsa fisi usiku. Masiku ano njira imeneyo ndi khomo la HIV.

Machubu otsekeka ndi amene anachititsa kuti Lesley Brown wa ku England asakhale ndi mwana, mpaka Patrick Steptoe, Robert Edwards ndi Jean Purdy anakumanitsa dzira lake ndi umuna kunja kwa thupi. Mwana wake, Louise Brown, adabadwa pa 25 Julayi 1978 ku Oldham. Njirayi, IVF, ili ndi zoopsa zake: mankhwala okhwimitsa mazira akachuluka amatupitsa mimba ndi madzi, ndipo kubwezera miluza yambiri nthawi imodzi kumabweretsa mapasa obadwa masiku asanakwane, n'chifukwa chake madokotala ambiri tsopano amabwezera umodzi. Amalawi a ndalama amakwera ndege kupita ku Johannesburg kapena ku India. Kwa mayi wa ku Linthipe, chimene chingam'sungire machubu ake ndi ndowa ya klorini ija ndi mzamba wosathamangira.

Azamba a kumudzi nawo alipobe. Boma lidawaletsa kubereketsa mu 2007, pulezidenti Bingu wa Mutharika nkuwamasula mu 2010, komabe amagwira ntchito mwamantha. Iwo amati amadziwa kumanga mimba yofuna kuchoka ndi mkuzi wa m'chiuno. Sindikhulupirira kuti mkuzi ungaimitse magazi, koma ndi kwa iwo kumene mtsikana amakaulula zimene sangauze mayi ake, ndipo amene mwa iwo amati "izi zandikulira, thamangani ku Boma" apulumutsa anthu.

Pali mimba imodzi imene mkuzi, mapiritsi ndi MVA sizingaigwire: yokhala m'chubu. Mayi amamva kubaya mbali imodzi ya chinena, timagazi pang'ono, nthawi zina kuwawa paphewa, kenako chizungulire. Chubu chikaphulika magazi amathira m'kati mosaoneka. Mzamba wa pachipatala chaching'ono alibe sikani. Ali ndi kapepala koyezera mkodzo, maso oyang'ana kuyera kwa zikope, ndi foni. Amaika diripi, amaimbira ambulansi ya ku Dedza District Hospital, ndipo ikakhala kuti ilibe mafuta amatuma abale akasake galimoto ina iliyonse, iye akuuziratu a kilinikala kuti akonze fiyeta ndi magazi.