Masewera a Nyengo ya Chisanu

M'miyezi ya Juni ndi Julayi mphepo ya chiperoni ifika ku Nkando kuchokera ku Mozambique. Phiri la Mulanje libisika m'nkhungu, ndipo mvula yowaza ikaniza ana kusewera pabwalo.

Pamenepo mtsogoleri wanzeru awasonkhanitsa m'nyumba ya sukulu, nawagawa magulu atatu. Atsikana asewera ndado ndi timiyala. Anyamata akhala awiriawiri pa bawo la maenje 32, naphunzira kuwerenga asanasunthe njere. Aang'ono aponyerana ndagi.

Koma moto ndiwo ufuna maso. Mbaula isakhale m'nyumba yotsekedwa, pakuti mpweya wa makala sununkha, koma ugonetsa munthu, numupha. Chifukwa chake zenera likhale lotsegula, ndipo wamkulu mmodzi akhale pakati pa moto ndi aang'ono, kuti onse abwerere kwawo amoyo.